Kuukira kwa pa Pasaka ku Ireland mu 1916: mafunso ndi mayankho pa gwero lake

Ambiri akamva za kuukira kwa pa Pasaka amaganiza kuti mtundu wonse wa Ireland unadzuka m'mawa umodzi n'kunyamula mfuti kulimbana ndi ulamuliro wa Britain. Sizinali choncho. Amene anayambitsa anali kagulu kochepa, kamene kanabisira mapulani ngakhale mkulu wa gulu lawo lomwe lankhondo. Komabe zaka 7 zisanathe, mbali yaikulu ya chilumbacho inali ndi boma lakelake. Mafunso ali m'munsiwa akulondola kumene moto umenewu unachokera.

Kodi chinachitika n'chiyani pa tsikulo?

Lolemba la Pasaka, pa 24 Epulo 1916, mzinda wa Dublin unali pa tchuthi, ndipo akuluakulu ambiri a asilikali a Britain anali atapita kukaonera mpikisano wa mahatchi ku Fairyhouse. Chakumasana amuna ndi akazi pafupifupi 1,200 analanda nyumba zikuluzikulu zingapo: positi ofesi yaikulu mumsewu umene lero ndi O'Connell Street, makhoti a Four Courts, fakitale ya mabisiketi ya Jacob's, paki ya St Stephen's Green ndi malo ena. Mphunzitsi wina, Patrick Pearse, anaima pakhomo pa positi ofesiyo n'kuwerenga chikalata cholengeza kuti Ireland tsopano ndi lipabuliki yodziimira payokha. Nkhondo inatenga masiku 6. Britain inabweretsa asilikali masauzande ambiri ndi mizinga, pakati pa mzinda panasanduka phulusa, ndipo Loweruka pa 29 Epulo Pearse anagonja. Anthu 485 anafa.

Angerezi anapezeka bwanji ku Ireland poyamba?

Nkhaniyi ndi yakale kwambiri. Ankhondo ochokera ku England ndi Wales anafika pachilumbachi mu 1169, ndipo Mfumu Henry II inawatsatira mu 1171. Kwa zaka mazana angapo mphamvu ya Angerezi sinkapita kutali ndi Dublin. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, mafumu a England atatsimikiza zogonjetsa chilumba chonse. England inali itasiya Chikatolika, pomwe anthu ambiri a ku Ireland anakhalabe Akatolika, choncho mkangano wa malo unavala malaya a chipembedzo.

Kuyambira 1609 boma linalanda malo ambiri m'chigawo cha kumpoto cha Ulster n'kukhazikapo Apulotesitanti ochokera ku Scotland ndi England. Eni nthaka anaukira mu 1641, mkulu wa asilikali a England Oliver Cromwell anabwera mu 1649 n'kupha anthu ambiri ku Drogheda ndi Wexford, ndipo malo ena analandidwanso. Akatolika atagonjanso pankhondo ya pamtsinje wa Boyne mu 1690, panabwera malamulo owapondereza. Mkatolika sankaloledwa kukhala phungu kapena woweruza, kugula malo, kusunga mfuti, ngakhale kukhala ndi hatchi ya mtengo woposa mapaundi 5. Bambo akamwalira, munda unkagawidwa tizidutswa kwa ana onse aamuna, pokhapokha mwana wamkulu atalowa mpingo wa boma, pamenepo ankatenga wonse. Lamulo lotere linapangidwa dala kuti ligawanitse banja. Pofika 1703 Akatolika, omwe anali ochuluka kwambiri m'dzikomo, anatsala ndi magawo 14 okha pa 100 aliwonse a nthaka.

Mu 1798 gulu la United Irishmen linaukira mothandizidwa ndi France, koma linagonjetsedwa mwankhanza. Yankho la London linali kuthetsa Nyumba ya Malamulo ya ku Dublin. Kuyambira pa 1 Januwale 1801 Ireland inakhala mbali ya United Kingdom, aphungu ake nkumakakhala ku Westminster, Nyumba ya Malamulo ya ku London, kumene nthawi zonse anali ochepa poyerekeza ndi anzawo a ku Britain.

Ndiye tinene kuti inali njala ija imene inawaukiritsa?

Njala yaikulu inachitika zaka 70 kuukiraku kusanachitike, kuyambira 1845 mpaka cha m'ma 1852. Sitinganene kuti anthu a 1916 anatenga mfuti chifukwa cha m'mimba mopanda kanthu. Koma amene sanaimvetse njalayi sangamvetse mkwiyo umene unali m'mitima ya zidzukulu.

Mbatata ya kachewere ija timalima ku Dedza ndi ku Ntcheu, imene pamsika timangoti airishi, inali chakudya chokhacho cha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ku Ireland. Anthuwa anali matenanti ndi aganyu pa minda ya eni malo, ena mwa eniwo akukhala ku England. Tirigu ndi ziweto zinali zogulitsa kuti alipire lendi, mbatata ndiyo inali ya pakamwa. Chiwawu chitagwira mbatata zaka zotsatizana, anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1 miliyoni anathawira kunja. Nthawi yonseyi sitima zinkanyamukabe m'madoko a Ireland zitasenza mbewu ndi ng'ombe. Boma la Robert Peel linagula chimanga ku America, koma anthu sankachidziwa, zigayo zoti zichigaye bwino zinali zochepa, ndipo chinkawapweteka m'mimba. Boma lotsatira linaumirira kuti malonda asasokonezedwe. Amene analephera lendi ankatulutsidwa m'nyumba, denga n'kugwetsedwa kuti asabwererenso.

Mu 1841 chilumbachi chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Mu 1911 anali pafupifupi 4.4 miliyoni. Izi zinachitika mkati mwa dziko lomwe pa nthawiyo linali lolemera kuposa onse padziko lapansi, ndipo anthu a ku Ireland anatolapo phunziro limodzi: boma la ku London silingalole anthu a ku England kufa chonchi. Amene anawolokera ku New York ndi Boston anapita ndi mkwiyowo, ndipo ana awo ndi amene pambuyo pake ankasonkha ndalama zogulira mfuti.

Kodi nkhani ya minda inali idakali yotentha mu 1916?

Osati kwenikweni, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Bungwe la Land League, limene Michael Davitt anayambitsa mu 1879 pamodzi ndi Charles Stewart Parnell, linalimbana ndi eni malo mpaka boma linagonja pang'onopang'ono. Lamulo la 1903 linapereka ngongole kwa matenanti kuti agule minda imene ankalima, ndipo pofika nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse alimi ambiri anali eni minda kapena ali mkati mogula. Mitengo ya zokolola inakweranso chifukwa cha nkhondoyo. Mlimi wa kumudzi mu 1916 anali bwinoko kusiyana ndi bambo ake. N'chifukwa chake kuukiraku kunali makamaka kwa anthu a m'tauni: aphunzitsi, makalaliki, amisiri, ogulitsa m'masitolo ndi onyamula katundu padoko.

Nanga Home Rule imene imatchulidwa paliponse inali chiyani?

Inali pempho loti Ireland ikhale ndi Nyumba ya Malamulo yake ku Dublin yoyang'anira nkhani za m'dziko, pomwe asilikali, ubale ndi mayiko ena ndiponso ufumu zikhalebe m'manja mwa London. Si ufulu wonse ayi, koma ndi chimene anthu ambiri a ku Ireland ankavotera chisankho chilichonse kuyambira m'ma 1880.

Bilu yoyamba inakanidwa ndi aphungu mu 1886. Yachiwiri inadutsa kwa aphungu mu 1893, koma nyumba yapamwamba ya House of Lords, imene mamembala ake sasankhidwa ndi anthu, inaikana ndi mavoti 419 kwa 41. Anthu anadikirabe. Zisankho za 1910 zinasiya boma la Herbert Asquith likudalira mavoti a chipani cha ku Ireland chofuna Home Rule cha John Redmond, lamulo la 1911 linachotsera House of Lords mphamvu yokaniratu bilu, ndipo mu 1912 bilu yachitatu inalowa m'nyumba. Redmond ankakhulupirira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zinkaoneka kuti kudekha kwa zaka 30 kwabala zipatso. Pearse yemwe uja analankhula pamsonkhano wochirikiza Home Rule mu 1912. Mfundo imeneyi isaiwalike: zaka 4 zokha asanawerenge chikalata cha lipabuliki, munthuyu anali wokonzeka kulandira theka la ufulu kudzera m'malamulo.

Chinasintha n'chiyani pakati pa 1912 ndi 1916?

Ili ndiye funso lalikulu patsamba lino. Madandaulo akale anali nkhuni zouma zimene zinaunjikana kwa zaka mazana, koma machesi anayatsidwa ku Ulster.

Apulotesitanti a kumpoto, zidzukulu za anthu aja anakhazikidwa mu 1609, sankafuna kulamulidwa ndi nyumba ya ku Dublin yodzaza Akatolika. Ankati Home Rule ndi ulamuliro wa Roma. Analinso ndi mantha pa chuma, pakuti Belfast inali ndi mafakitale a nsalu ndi malo okhomera sitima zikuluzikulu, kuphatikizapo Titanic, ndipo malonda awo ankadalira Britain. Mantha awowa anali enieni, sitiyenera kuwapeputsa. Koma taonani njira imene anatenga. Pa 28 Seputembala 1912 amuna ndi akazi pafupifupi 470,000 anasaina malumbiro okana Home Rule, amunawo akulonjeza kugwiritsa ntchito njira iliyonse imene ingafunike. Mu Januwale 1913 anakhazikitsa gulu lankhondo la Ulster Volunteer Force motsogozedwa ndi Edward Carson ndi James Craig. Mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha Conservative ku Britain, Andrew Bonar Law, ananena poyera kuti adzawachirikiza kulikonse kumene kukana kwawo kudzafike.

Mu Marichi 1914, akuluakulu a asilikali pafupifupi 60 a kukampu ya Curragh ananena kuti kuli bwino atule pansi udindo kusiyana ndi kukalimbana ndi anthu a ku Ulster. Boma linabwerera m'mbuyo. Mwezi wotsatira, usiku wa pa 24 Epulo, gulu la Carson linatsitsa mfuti pafupifupi 25,000 zochokera ku Germany padoko la Larne ndi madoko oyandikana nalo, n'kuzimwaza ndi magalimoto chigawo chonse kusanache. Palibe anawaletsa, palibe anazengedwa mlandu.

Anthu a kummwera ankaonerera zonsezi. Mu Novembala 1913 nawonso anayambitsa gulu lawo, Irish Volunteers, motsogozedwa ndi Eoin MacNeill, mphunzitsi wa mbiri yakale pa yunivesite. Pa 26 Julayi 1914 anatsitsa mfuti zakalekale 900 padoko la Howth, masanasana. Ulendo uno apolisi ndi asilikali anatumizidwa kukazilanda. Pobwerera, asilikaliwo anakumana ndi chikhamu chowakuwiza ndi kuwagenda pa Bachelors Walk mu Dublin, ndipo anawombera. Anthu atatu anafera pomwepo, wachinayi anamwalira pambuyo pake.

Mfuti 25,000 kumpoto, zii. Mfuti 900 kummwera, maliro. Mnyamata aliyense wa mu Dublin anatha kuwerenga yekha tanthauzo lake. Anthu amene anatsata malamulo zaka 30 anali asanalandirebe kanthu, pomwe amene anaopseza ndi mfuti zaka ziwiri zokha anali atakakamiza boma kuyamba kukamba zodula chilumba kuti Ulster ikhale padera. Pa 18 Seputembala 1914 Home Rule inasainidwa kukhala lamulo, koma tsiku lomwelo inaimitsidwa mpaka nkhondo ya ku Ulaya itatha. Mu Meyi 1915 Carson, munthu amene anakonza gulu lankhondo lokana lamulo la Nyumba ya Malamulo, anapatsidwa udindo wa mlangizi wamkulu wa boma la Britain pa zamalamulo. Ine ndimaona kuti zimenezi zinaphunzitsa achinyamata a ku Ireland za mfuti kuposa mmene akanachitira mlaliki aliyense wa zoukira.

Chilankhulo ndi masewera zikulowamo bwanji m'nkhani ya mfuti?

Njala inapha ndi kusamutsa makamaka anthu osauka a kumadzulo, omwe ndiwo ankalankhula Chiairishi. Sukulu za boma zinkaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo m'madera ena mwana ankavekedwa kamtengo m'khosi komwe ankalembapo chizindikiro nthawi iliyonse akalankhula chilankhulo cha makolo ake, kuti alangidwe. Nthawi zambiri makolo eniake ankagwirizana nazo, pofuna kuti mwana adzapeze ntchito ku America. Amene tinalangidwapo kusukulu chifukwa cholankhula chinenero cha kwathu tikudziwa manyazi amene chilango chotere chimadzala mumtima. Pofika 1911 olankhula Chiairishi anali osakwana munthu mmodzi mwa asanu.

Mu 1884 kunabadwa Gaelic Athletic Association yolimbikitsa masewera a makolo monga hurling, ndipo mu 1893 Douglas Hyde ndi MacNeill anayambitsa Gaelic League kuti apulumutse chilankhulo. Hyde sankafuna ndale m'bungweli. Koma mnyamata amene wathera madzulo ake akuphunzira chilankhulo cha agogo ake, n'kusintha dzina lake kuchoka pa John McDermott kukhala Seán Mac Diarmada, sachedwa kufunsa chifukwa chake dziko lake likulamulidwa kuchokera kutsidya la nyanja. Pearse anali mkonzi wa nyuzipepala ya bungweli, ndipo mu 1908 anatsegula sukulu yake ya St Enda's yophunzitsa m'zilankhulo zonse ziwiri. Ambiri mwa atsogoleri a 1916 anadziwana m'makalasi amenewa.

Nanga anthu osauka a mu Dublin?

Dublin ya nthawi imeneyo inali ndi nyumba zoipa zedi. Mabanja oposa 20,000 ankakhala banja lonse m'chipinda chimodzi, m'nyumba zakale zosanja zimene olemera anazisiya. Mu Seputembala 1913 nyumba ziwiri zotere zinagwa mu Church Street n'kupha anthu 7. Chaka chomwecho olemba ntchito mazana angapo, motsogozedwa ndi mwini kampani ya matiramu William Martin Murphy, anatsekera kunja antchito pafupifupi 20,000 chifukwa chokana kutuluka mu mgwirizano wa apantchito wa James Larkin. Kulimbanaku kunatenga kuyambira Ogasiti 1913 mpaka kumayambiriro kwa 1914, apolisi anamenya anthu ndi zibonga m'misewu, ndipo antchito anagonja ndi njala.

Apa pali chinthu chofunika kuchiona: Murphy sanali Mngerezi. Anali Mkatolika wa ku Ireland konko, wofuna Home Rule. James Connolly, amene anatsogolera kagulu kankhondo ka apantchito ka Irish Citizen Army kobadwa m'kulimbanaku, anaona kuti kungosintha mbendera sikungachotse banja m'chipinda chimodzi chija. Iye ankafuna lipabuliki ya apantchito. Pakhomo pa likulu lawo, Liberty Hall, anapachika chinsalu chonena kuti satumikira Mfumu ya England kapena Kaiser wa ku Germany, koma Ireland. Connolly anali wokonzeka kuukira yekha ndi anthu ake pafupifupi 200, moti okonza mapulani enawo anamulowetsa m'gulu lawo mu Januwale 1916 poopa kuti awasokonezera.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inathandizira motani?

Inagawa anthu, inabweretsa mantha, ndiponso inatsegula mpata. Pa 20 Seputembala 1914, ku Woodenbridge, Redmond anauza a Irish Volunteers kuti akamenye nkhondo kumbali ya Britain kulikonse kumene angafunike, poganiza kuti kukhulupirika kudzateteza Home Rule. Oposa 150,000 anakhala mbali yake. Osapitirira 14,000 anakana n'kutsalira ndi MacNeill. M'nkhondo yonseyo amuna a ku Ireland pafupifupi 200,000 anatumikira m'magulu ankhondo a Britain. M'sabata yomweyo ya Pasaka, asilikali a ku Ireland oposa 500 anafa ku Hulluch m'dziko la France Ajeremani atawathira mpweya wapoizoni, kuposa onse amene anafa mu Dublin.

Nkhondo imene anthu ankayesa idzatha pofika Khirisimasi inangopitirira. Mayina a asilikali akufa ku Gallipoli m'dziko la Turkey anadzaza manyuzipepala mu 1915. Mu Januwale 1916 Britain inayamba kulemba amuna usilikali mokakamiza. Lamulolo silinafike ku Ireland, koma aliyense ankaopa kuti likubwera. Ndipo panali mawu akale amene oukira ankawakonda, akuti tsoka la England ndi mwayi wa Ireland.

Ndani kwenikweni anakonza kuukiraku? Kodi ndi Sinn Féin?

Ayi. Manyuzipepala ndi boma anakutcha kuukira kwa Sinn Féin, koma chipani chimenecho, chomwe Arthur Griffith anayambitsa mu 1905, sichinakonze nawo. Okonza anali a Irish Republican Brotherhood, gulu lachinsinsi la malumbiro lomwe linayamba mu 1858 ndipo linalepherapo kuukira mu 1867. Linali litatsala pang'ono kufa pamene Tom Clarke, amene anakhala zaka 15 m'ndende za ku England, anabwerera ku Dublin mu 1907 n'kutsegula kasitolo ka fodya ndi nyuzipepala. Iye ndi Mac Diarmada analidzutsanso, analowetsa anthu awo m'maudindo a Irish Volunteers, ndipo nkhondo itangoyamba anagwirizana kuti aukire isanathe. Mu 1915 anapanga kabungwe kankhondo komwe pomaliza kanali ndi anthu 7: Clarke, Mac Diarmada, Pearse, Joseph Plunkett, Éamonn Ceannt, Connolly ndi Thomas MacDonagh. Pamaliro a woukira wakale Jeremiah O'Donovan Rossa, pa 1 Ogasiti 1915, Pearse analankhula pamanda kuti Ireland yopanda ufulu sidzakhala pa mtendere, ndipo khamu linamva chimene ankatanthauza.

MacNeill sanauzidwe. Iye ankakhulupirira kuti kumenya nkhondo n'koyenera pokhapokha boma litafuna kuwalanda mfuti, kuwalemba usilikali mokakamiza, kapena patakhala mwayi weniweni wopambana. Atazindikira kuti zoyeserera za Lamlungu la Pasaka zinali kuukira kwenikweni, anaika chilengezo mu nyuzipepala ya Sunday Independent choletsa aliyense kutuluka. Ndicho chifukwa kuukiraku kunachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo kunja kwa Dublin kunangochitika m'malo ochepa monga Ashbourne, Enniscorthy ndi Galway.

Ajeremani anathandiza?

Pang'ono, ndipo thandizolo silinafike. Roger Casement, munthu wa ku Ireland amene anatchuka chifukwa choulula nkhanza za kampani ndi asilikali a Mfumu Leopold ya ku Belgium pa anthu a ku Congo mu 1904, anapita ku Germany kukapempha thandizo. Zimene anaona ku Africa zinamuchititsa kuyang'ana dziko lake ndi maso atsopano. Anayesa kukopa akaidi a nkhondo a ku Ireland kuti apange gulu lomenyana ndi Britain, koma anavomera osakwana 60. Germany inakana kutumiza asilikali, inangotumiza sitima yotchedwa Aud ndi mfuti 20,000. Angerezi anali akuwerenga kale mauthenga achinsinsi a Ajeremani. Sitimayo inafika ku Tralee Bay, m'boma la Kerry, osapeza woilandira, inagwidwa, ndipo woiyendetsa anaimiza dala pa 22 Epulo. Casement anatsika pa sitima yoyenda pansi pa madzi Lachisanu Loyera n'kumangidwa tsiku lomwelo.

Ngati mfuti zinamira ndipo anthu analetsedwa kutuluka, anapitiriziranji? Kodi ankafuna kufa?

Pearse analemba zambiri zokhudza magazi otsuka mtundu, ndipo zina mwa zolemba zakezo n'zosautsa kuwerenga. Koma si onse 7 ankaganiza ngati iye. Mapulani oyambirira anali a nkhondo yeniyeni: mfuti za ku Kerry zimwazidwe kumadzulo ndi kummwera, dziko lonse liyake pamodzi. Zitalephereka, anatsala ndi njira ziwiri, kudikira kumangidwa kapena kutuluka ndi anthu amene alipo. M'mawa wa Lolemba lomwelo akuluakulu a boma anali ku Dublin Castle, likulu la boma la Britain ku Ireland, akukambirana zowamanga. Clarke anali ataona mbadwo wake ukukalamba popanda kuchita kanthu, ndipo ankaopa kuti mbadwo wina ukadutsanso chete, anthu adzazolowera kukhala chigawo cha Britain mpaka kalekale.

Kodi inali nkhondo ya Akatolika ndi Apulotesitanti?

Ambiri mwa oukira anali Akatolika ndipo ankapemphera korona mkati mwa positi ofesi. Koma mpingo wa Katolika unali utadzudzula gulu lachinsinsi lija kwa zaka zambiri, ndipo mayina akuluakulu m'mbiri ya kufuna ufulu, Wolfe Tone, Robert Emmet, Parnell, anali Apulotesitanti. Chikalata cha Pearse chinalonjeza ufulu wa chipembedzo ndi ufulu wofanana kwa nzika zonse, komanso boma losankhidwa ndi amuna ndi akazi omwe, pa nthawi imene akazi a ku Britain anali asanayambe kuvota posankha aphungu.

Anthu wamba anali mbali yawo?

Ambiri ayi, makamaka poyamba. Palibe amene anawasankha oukirawa. Azimayi amene amuna awo anali kunkhondo ku France ankalandirira ndalama zawo ku positi ofesi, ndipo anapeza zitseko zotsekedwa ndi anyamata amfuti. Akaidi akuyendetsedwa m'misewu atagonja, ena anawatukwana ndi kuwaponyera zinyalala. Mwa anthu 485 aja, oposa theka anali anthu wamba, ndipo pafupifupi 40 anali ana. Mmodzi mwa oyamba kuphedwa anali wapolisi wopanda mfuti pachipata cha Dublin Castle. Mizinga ya Britain ndiyo inagumula mzinda, koma amene anasankha kumenyera nkhondo pakati pa nyumba zodzaza mabanja osauka ali ndi gawo lawo pa imfa za ana amenewa. Munthu angathe kumvetsa zifukwa za kuukiraku, ngakhale kuzilemekeza kumene, popanda kuwaiwala anawo.

Nanga zinatheka bwanji kuti anthu otukwanidwa asanduke ngwazi?

Boma la Britain ndi limene linawasandutsa. Linapereka mphamvu zonse kwa mkulu wa asilikali John Maxwell. Anthu pafupifupi 3,500 anamangidwa m'dziko lonse, ambiri osadziwa kanthu. Milandu inazengedwa mobisa m'makhoti a asilikali, popanda maloya oimira oimbidwa mlandu. Kuyambira pa 3 mpaka pa 12 Meyi anthu 14 anawomberedwa kundende ya Kilmainham, pang'onopang'ono m'bandakucha wa masiku 5 osiyana, ndipo mmodzi anawomberedwa ku Cork. Plunkett anakwatira Grace Gifford m'tchalitchi cha m'ndendemo maola ochepa asanaphedwe. Connolly, amene chipolopolo chinamuswa mwendo, anamangiriridwa pampando chifukwa sankatha kuima. Casement ananyongedwa ku London pa 3 Ogasiti. Zinamvekanso kuti asilikali anapha amuna wamba 15 m'nyumba za mu North King Street, ndi kuti Francis Sheehy Skeffington, munthu wodana ndi nkhondo amene ankangoyesa kuletsa kuba m'masitolo, anawomberedwa popanda mlandu.

Phungu John Dillon, wachiwiri kwa Redmond, anadzudzula boma m'Nyumba ya Malamulo kuti likukokolola ntchito ya moyo wawo wonse ndi nyanja ya magazi. Madzi anali atatayika kale. Amuna pafupifupi 1,800 anatsekeredwa kukampu ya Frongoch ku Wales, kumene anadziwana ndi kuphunzitsana, mmodzi mwa iwo ali Michael Collins, amene pambuyo pake anakhala mmodzi wa atsogoleri a nkhondo ya ufulu. Mu 1918 boma litayesa kubweretsa usilikali wokakamiza ku Ireland, ngakhale mabishopu anakana. Pachisankho cha Disembala chaka chimenecho Sinn Féin, chipani chija chinanamiziridwa kuukira n'kudzalandira ulemu wake, chinatenga mipando 73 mwa 105.

Kodi pali kufanana ndi kuukira kwa John Chilembwe?

Wowerenga wa ku Malawi sangalephere kufunsa. Chilembwe anaukira pa 23 Januwale 1915, miyezi 15 Dublin isanayake, pansi pa ufumu womwewo ndi mkati mwa nkhondo yomweyo. Chakumapeto kwa 1914 anali atalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutumizidwa kukafera nkhondo yosawakhudza, funso lomwelo limene Connolly ankafunsa ku Dublin. Kuno kunali thangata ku maesiteti a Bruce ku Magomero, uko kunali chikumbumtima cha lendi ndi nyumba zogwetsedwa. Konse kuwiri otsogolera anali anthu a sukulu ndi mabuku, gulu linali laling'ono, ambiri amene ankayembekezeka sanabwere, ndipo zonse zinatha m'masiku owerengeka.

Kusiyana kwake nakonso n'kwakukulu. Anthu a ku Ireland anali ndi aphungu oposa 100 ku Westminster, manyuzipepala awo, ndi abale mamiliyoni ku America amene London inkaopa kuwakwiyitsa pa nthawi imene inkafuna America ilowe nkhondo. Connolly atawomberedwa, dziko lonse lapansi linamva. Anthu a ku Chiradzulu analibe voti ngakhale imodzi. Otsatira Chilembwe anaphedwa, tchalitchi chake cha ku Mbombwe chinagumulidwa, ndipo panalibe chisankho choti anthu akayankhirepo.

Pomaliza anapeza chimene ankafuna?

Anapeza mbali yake. Aphungu a Sinn Féin anakana kupita ku London, anakhala ku Dublin pa 21 Januwale 1919 ngati nyumba yawoyawo ya Dáil Éireann, ndipo nkhondo ya ufulu inayamba tsiku lomwelo. Pangano la pa 6 Disembala 1921 linabala Irish Free State, yokhala ndi maboma aang'ono 26 mwa 32, koma idakali pansi pa mfumu ya Britain. Amene anagona limodzi m'positi ofesi mu 1916 anagawikana pa panganoli n'kuphana okhaokha mu 1922 ndi 1923. Dzikolo linadzakhala lipabuliki mwalamulo pa 18 Epulo 1949, lomwe linali Lolemba la Pasaka. Maboma 6 a ku Ulster, kumene mfuti za ku Larne zinatsikira, akadali mbali ya United Kingdom mpaka lero.